Amene Amagwira Kuti Wodula Aone

Mayi wa ku Chinakanaka, m'boma la Mulanje, amene waona kuti ana akwana ndipo wasankha kutseketsa amatha kupita kuchipatala m'mawa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Pansi pa mimba yake pamakhala kabala ka masentimita 3 kapena 4, komata ndi pulasitala. Sanamugonetse. Anangomubaya jakisoni wa dzanzi pamalopo, ndipo zonse zimene a chipatala ankalankhula ankazimva. Chimene sanathe kuona n'chakuti kudzera pa kabala kameneko, pomwe zala ziwiri zimalowa mothinana, anthu awiri anafikira timachubu tiwiri todutsa mazira, tobisika kuseri kwa chikhodzodzo ndi pansi pa matumbo, kena kumanja kena kumanzere, osavulaza chilichonse choyandikana nato. Pa mphindi 20 kapena 30 za ntchitoyo, mpeni unagwira pang'ono chabe. Nthawi yambiri inathera pa kunyamula, kukankha, kupatula ndi kugwira.

Luso limeneli silitchulidwa kawirikawiri. Munthu akachira timayamika dokotala amene anadula ndi kusoka, ndipo n'koyenera kutero. Koma m'mimba mwa munthu mulibe bwalo. Ziwalo zimagona mothithikana, zonyowa, zoterera. Matumbo ang'onoang'ono okha amatalika mamita pafupifupi 6, ndipo sakhala phee: ukawakankhira uku amabwerera, wodwala akakoka mpweya amasendera. Pamwamba pawo pamayala mafuta olendewera kuchokera ku chifu. Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimatsamira pa ndulu ndi pakhomo pa chifu. Dokotala wanzeru sadula chimene sakuchiona bwino. Choncho wina ayenera kumupezera mpata, n'kuusunga mpaka ntchito ithe. Zitsulo za ntchito imeneyi ku fiyeta amazitcha ma retractor.

Pa opaleshoni ya bala lalikulu nkhaniyi ili poyera. Aliyense amene anagwirapo ntchito ku fiyeta ya chipatala cha boma ku Mulanje, kapena ya Mulanje Mission ya CCAP Blantyre Synod, amachidziwa chitsulo cha Doyen, chotambalala ndi chopindika, chimene wothandiza amachikokera kumunsi pa siza kuti chikhodzodzo chichoke pa njira ya mpeni. Amachidziwanso cha Langenbeck chokoka m'mphepete mwa bala, cha Deaver chachitali chofikira kutali, ndi cha Balfour chimene chimadzigwira chokha mbali zonse ziwiri. Mayinawa ndi a madokotala a ku France, Germany ndi America amene anamwalira kalekale, koma zitsulo zawo zikutsukidwa ndi kuwiritsidwa m'zipatala zathu mpaka lero. Manja ozigwira ambiri ndi a makiliniko ofesa. Kafukufuku wa Garvey Chilopora ndi anzake, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti m'zipatala za m'maboma ku Malawi, pa ma siza 10 aliwonse, pafupifupi 9 ankachita ndi iwo.

Bala lalikulu limapatsa dokotala ufulu, chifukwa dzanja lonse limalowa, ndipo palibe chitsulo chimene chingafewe kuposa chikhatho chokutidwa ndi nsalu yonyowa. Koma wolipira ufulu umenewu ndi wodwala: ululu, masiku ambiri pa wodi, womudikirira akuphika ndi kugona kuchipatala komweko, mantha a mafinya, kenako milungu yosagwira khasu kapena kubereka dengu la tiyi. Kwa mayi wa ku Mulanje amene mphika wake umadalira masamba amene wathyola, kapena nanazi ndi nthochi zimene wasenza kupita nazo kumsewu, kusiyana kwa mlungu umodzi ndi milungu 6 kumaoneka m'mbale za ana. N'chifukwa chake madokotala akhala akuchepetsa bala. Ndipo bala likamachepa, luso logwira liyenera kukula, popeza dzanja silingalowenso.

Tione bwinobwino mmene amatsekera, pa njira yotchedwa minilaparotomy. Mayi asanakwere pa tebulo amauzidwa kuti akataye madzi. Ena amaona ngati ndi mwambo chabe, pomwe kumeneko ndi kuchotsa chotchinga choyamba, pakuti chikhodzodzo chodzaza chimakwera n'kudzakhala pamalo enieni pomwe mpeni udutse. Ngati mayiyo sanangobereka kumene, chiberekero chimakhala chaching'ono, chomira m'mafupa a m'chiuno, ndipo kuchifunafuna kuchokera pamwamba kungafune bala lalikulu. Ndiye amachikweza. Amalowetsa kachitsulo kopindika, kosathwa, pa khomo la chiberekero, chogwirira chake n'kutsala kunja. Akatsindikiza chogwiriracho pansi, nsonga imanyamula chiberekero mpaka kudzagunda khoma la mimba, ndipo dokotala amachimva ndi chala pakhungu. Pamenepo ndi pomwe amacheka. Njira yokwezera chiberekero motere anaifalitsa ndi Vitoon Osathanondh wa pa chipatala cha Ramathibodi ku Bangkok, m'dziko la Thailand, m'zaka za m'ma 1970. Dokotala satsikira kwa chiwalo. Chiwalocho chimakwera kudza kwa iye.

Jakisoni wa dzanzi amabayidwa gawo ndi gawo: khungu, chikutu choyera cholimba cha pansi pake, kenako nembanemba yokuta m'kati mwa mimba. Minofu saidula. Amaipatula pakati pomwe imakumana, wothandiza n'kuikokera uku ndi uku ndi tizitsulo tiwiri topindika kunsonga. Apa ndi pomwe mmisiri amadziwikira. Wophunzira kumene amakokera m'mbali mwamphamvu, poganiza kuti akutakasa bala. Mayi amamva kuwawa, amaumitsa mimba, matumbo n'kutumphukira pa bala pomwepo, zonse n'kutsekeka. Wozolowera amagoneka tizitsuloto mopingasa kunsi kwa khoma la mimba n'kulinyamulira m'mwamba pang'ono, mofatsa, osagwedeza. Khomalo likakwera mpweya umalowa, matumbo amatsalira pansi, ndipo kampata kamaoneka. Tebulo amalipendeka pang'ono kuti mutu utsike, matumbo n'kusendera okha kumtunda. Palinso wina, kawirikawiri namwino, amene waima kumutu akucheza ndi mayiyo: "Mayi, kokani mpweya pang'onopang'ono. Tulutsaninso. Eya, mukuchita bwino." Mawu amenewo ndimawawerengera pamodzi ndi zida, chifukwa mayi wodekha amafewetsa mimba, ndipo akamapuma mofatsa matumbo amachoka pa njira. Pa opaleshoni imeneyi wodwala mwini wake amagwira nawo.

Tsopano dokotala amapotoza chokwezera chija kuti ngodya ya chiberekero, pomwe kachubu kamayambira, ifike pansi pa bala. Amatsetseretsa kambedza kosathwa kuseri kwa chiberekero n'kukayendetsa kulowera kumbali mpaka kakole kachubu. Amakagwira ndi chopanira cha Babcock, chimene milomo yake ndi yobulungira ndi yoboola pakati, kotero chimakumbatira kachubuko osakaphwanya. Ndiye pali lamulo limene mphunzitsi wabwino salola kuti lidumphidwe: kachubuko akatsate mpaka kumapeto, aone mphonje zake. Pafupi pomwepo pamadutsa chingwe china chogwira chiberekero, chofanana nako kwambiri ukachionera pa kabowo, koma icho chilibe mphonje. Wina akamanga chingwecho poyesa kachubu, mayi uja adzabweranso ali ndi pakati. Akatsimikiza, amapinda kachubuko, kumanga ndi ulusi wosungunuka wokha m'thupi, n'kudula kagawo kapamwamba. Kenako mbali inayo.

Za mayi amene wangobereka kumene, m'masiku ochepa oyamba, n'zosiyana, ndipo luso lake ndi limene limandigwira mtima koposa. Chiberekero chimakhala chikadali chachikulu, chofika cha pa mchombo, ndipo chokwezera chija sichilowetsedwa. Amacheka kunsi kwenikweni kwa mchombo, pomwe khoma la mimba ndi lopyapyala. Timachubu tili kutali m'mbali. Koma mimba ya mayi wobereka kumene ndi yolobodoka, choncho wothandiza amakoka bala lenilenilo ndi tizitsulo take kupita nalo kumanja mpaka lifike pamwamba pa kachubu, uku dokotala akukankha chiberekero ndi chikhatho kuchokera kunja kuti ziwirizi zikumane. Akamaliza uko, balalo amalisunthira kumanzere. Kabowo kamodzi kamayenda pamimba kukagwira ntchito malo awiri.

Ntchito imeneyi si ya apo ndi apo m'dziko muno. Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16 inapeza kuti amayi 11 pa 100 aliwonse okwatiwa anali atatseketsa, chiwerengero chokwera poyerekeza ndi maiko ambiri a mu Africa. Ambiri anawatseka ndi makiliniko ofesa, m'zipatala za boma, zina za mishoni, ndi m'magulu oyendayenda a Banja La Mtsogolo, bungwe limene linayamba mu 1987. Opaleshoni ya bala laling'ono manja a Amalawi anaizolowera kale, m'tizipinda ta zipatala za kumudzi.

Mfundo imene ili pansi pa zonsezi wosenda mbuzi pa msika wa Chinakanaka amaidziwa ngakhale sanaiphunzire m'kalasi. Muoneni akugwira ntchito. Chingwe chagwira mbuzi ku mtengo, dzanja lake lamanzere lakokera chikopa kwina, ndiye pakati pa chikopa ndi nyama pamaoneka timaulusi toyera tokungika. Mpeni umangokhudza, ito n'kuduka. Akalekerera chikopacho, mpeni womwewo umachiboola kapena kulowa m'nyama. Akakoka mopitirira, chimang'ambika. Akafika pa chiwindi amachedwa dala, kunyamula ndulu ndi nsonga za zala, podziwa kuti ikaphulika nyama yawawa. M'thupi la munthu zimayendanso choncho. Kukoka uku wina akukokera uko ndiko kumaonetsa mzere wachilengedwe umene uli pakati pa chiwalo ndi chinzake, mzere wopanda magazi ambiri. Dzanja lokoka ndi limene limauza mpeni podutsa.

Mfundoyi imafika pachimake pa laparoscopy, opaleshoni ya kamera, imene ku Malawi ikupezeka m'zipatala zochepa, makamaka zikuluzikulu za m'mizinda. Mabala ake ndi timabowo 3 kapena 4 ta mamilimita 5 mpaka 12. Pa ka pa mchombo pamalowa kamera ndi nyali yake, pa tinato pamalowa zitsulo zopyapyala zotalika masentimita oposa 30, ndipo onse m'fiyeta maso amakhala pa sikirini. Georg Kelling wa ku Dresden anasuzumira m'mimba mwa galu mu 1901, Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm m'mimba mwa anthu mu 1910, koma panapita zaka zambiri kuti kusuzumira kusanduke kugwira ntchito zazikulu. Kurt Semm wa ku Kiel anachotsa apendikisi mwa njirayi mu 1980, Erich Mühe wa ku Böblingen anachotsa ndulu mu 1985, ndipo onse awiri anzawo anayamba ndi kuwanyoza.

Chimene chimayamba kutsegula mpata pa laparoscopy sichigwirika ndi manja. Amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba mpaka khoma lake lifufume n'kusiyana ndi matumbo. Mphamvu yake imakhala pakati pa 12 ndi 15 mmHg kwa wamkulu, ndipo kwa ana amaitsitsa. Anasankha mpweya umenewu chifukwa suyaka pamene akuotcha timitsempha ndi magetsi, komanso umasungunuka msanga m'magazi n'kutulukira m'mapapo. Ena amaulowetsa ndi singano imene János Veress wa ku Hungary anaifotokoza mu 1938, yokhala ndi kamutu kosathwa kamene kamadumphira kutsogolo ikangobowola nembanemba, kuteteza matumbo. Ena amatsata njira ya Harrith Hasson ya 1971, yocheka kabowo akuona ndi maso. Komatu mpweyawu uli ndi zake. Umakankha mnofu wotchinga pansi pa mapapo ndi kufinya mitsempha yobweza magazi ku mtima, choncho wodwala ayenera kugonetsedwa kwathunthu ndi chubu pakhosi, wogonetsa akuyang'anira osaphethira. Ambiri akadzuka amadandaula phewa ngakhale phewalo sanalikhudze, chifukwa mtsempha wa ubongo wa mnofu wotchingawo umachokera m'khosi limodzi ndi mitsempha ya paphewa. Dokotala wosamala amapempha mphamvu yochepa imene ingamukwanire kuona, osaposa apo.

Kenako pali tebulo. Raoul Palmer wa ku Paris, m'zaka za m'ma 1940, ankatsitsa mutu wa mayi, monga mwa kagonekedwe kotchedwa dzina la Friedrich Trendelenburg, kuti matumbo atuluke m'chiuno, uku akuyendetsa chiberekero ndi kachitsulo ka pa khomo lake. Mpaka lero ndi momwemo. Pofuna apendikisi, mutu pansi ndi kupendekera kumanzere. Pofuna ndulu, mutu m'mwamba. Pofuna impso, wodwala amagona cham'mbali. Chiwalo chimene chasuntha ndi kulemera kwake chimakhala chisanapanidwe ndi chitsulo chilichonse, ndiye sichingatuzuke. Ine ndimaona kuti dokotala amene amapempha kupendeka tebulo asanapemphe chopanira china ndiye wakhwima pa ntchito. Koma munthu wogonetsedwa sanganene kuti mkono wapsinjika kapena akutsetsereka. Namwino amene anamumanga bwino ndi kuika zofewa pansi pa zigongono opaleshoni isanayambe ndi amene amalola kuti tebulolo ligwire ntchito yake popanda kupundula mkono.

Kuti muone mmene njira yokokera imapulumutsira kapena kupweteka munthu, yang'anani pochotsa ndulu. Wothandiza amaigwira kunsonga n'kuikankhira m'mwamba, kulowera ku phewa lamanja la wodwala. Ndulu ndi yomatirira kunsi kwa chiwindi, choncho chiwindicho chimatukuka nayo limodzi n'kuonetsa za pansi pake. Chiwalo chodwala chomwecho chasanduka chogwirira. Dokotala, ndi dzanja lake lamanzere, amagwira khosi la ndulu n'kulikokera kunja, cha kumanja kwa wodwala, ndi kumunsi pang'ono. Chifukwa chake n'chiyani? Kanjira kotuluka mu ndulu kamakalumikizana ndi njira yaikulu yonyamula madzi a ndulu kuchoka ku chiwindi kupita ku matumbo. Khosilo ukalikokera kumbali, ziwirizi zimapanga ngodya ndipo zimasiyanitsika. Ukalikokera m'mwamba, zimaongoka n'kukhala mzere umodzi, ndipo pa sikirini zimaoneka kanjira kamodzi kopyapyala. Dokotala angathe kumata ndi kudula njira yaikuluyo ali ndi mtima wonse kuti akuchita bwino. Wodwala amachita chikasu, madzi a ndulu amatayikira m'mimba, ndipo kukonza kwake ndi opaleshoni yaikulu imene ena amavutika nayo moyo wonse.

Ngozi imeneyi inachuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe njirayi inafala mofulumira kuposa kuphunzitsa kwake. Mu 1995 Steven Strasberg ndi anzake a ku St. Louis anaika muyezo umene akuphunzitsa mpaka pano. Usamate kapena kudula kanthu usanachotse mafuta onse pa kangodya ka pakati pa khosi la ndulu ndi chiwindi, usanamatule gawo la m'munsi la ndulu pa chiwindi, ndiponso usanaone kuti zolowa mu nduluyo ndi ziwiri zokha, kanjira kake ndi kamtsempha kake ka magazi. Kuti aone zimenezi, dzanja lamanzere limapititsa khosi lija uku ndi uku, kuonetsa kutsogolo kenako kumbuyo. Ndulu ikakhala yofufuma moti chopanira chikuterereka, amayamba aipopa ndi singano kuti ifewe. Ikakhala yotupa moti ziwiri zija sizikuoneka, amasiya kagawo kapena amatsegula bala lalikulu. Amene amatero ndimamulemekeza kuposa wokakamira kabowo.

Pogwira ntchito pakhomo pa chifu, mbali yamanzere ya chiwindi imaphimba zonse ndipo palibe ndulu yoinyamulira. Apa amisiri a zitsulo anaonetsa nzeru, chifukwa chida chiyenera kulowa chili chowongoka ndi chopyapyala, n'kukatambasuka chili m'kati. China chili ndi zala 3 kapena 5 zimene zimabalalika ukapotoza chogwirira. Ubwino wake n'kutambalala, koma potseka zalazo zimatha kupana thumbo kapena m'mphepete mwa chiwindi, ndiye sichitsekedwa kamera isakuchiona. China chimalowa chili lende, cha mfundomfundo, ndipo ukamanga chogwirira chimauma n'kupindika kukhala ngodya zitatu. Chimene chinatchuka koposa ndi cha Leslie Nathanson wa ku Brisbane, m'dziko la Australia: ndodo imodzi yachitsulo yopindika kunsonga, yopanda mfundo kapena sikuluu. Imalowa pa kabowo kakang'ono kunsi kwa fupa la pachifuwa, akuitembenuza motsata kupindika kwake, n'kukagona pansi pa chiwindi, ndipo kunja amaimangirira ku tebulo. Wothandiza amapeza dzanja lomasuka. Ndi yolimba, yotsukika, yogwira ntchito zaka zambiri, mtundu wa chida choyenera chipatala chosauka. Choopsa chake chimachokera pa ubwino womwewo. Dzanja la munthu likatopa limalekerera lokha, magazi n'kuyendanso m'chiwalo. Chitsulo sichitopa. Ndiye dokotala wabwino amabweza kamera nthawi ndi nthawi kukaona mtundu wa chiwindi, ndipo chikayamba kuda amamasula.

Nthawi zina chida chabwino chimakhala ulusi chabe. Singano yowongoka imalowa pakhungu, n'kubaya chogwira thumba la mazira kapena chingwe cholendewetsa chiwindi, n'kutulukanso. Ulusiwo akaukoka n'kuupana kunja, chiwalo chimalendewera pa khoma la mimba popanda kabowo kena. Kansalu kopindidwa nako kamathandiza kukankha matumbo mofewa, bola namwino akalembe pa chiwerengero chake kuti kasatsalire m'kati. Ku maiko olemera kuli maginito okoka ndulu kuchokera kunja kwa khungu, amene America inawavomereza mu 2016, ndi maloboti okhala ndi mkono wapadera wogwirira. Ndi zokongola, koma funso limene zikuyankha ndi lomwe lija la wosenda mbuzi.

Wothandiza pa laparoscopy amaphunzira kuyenda chobwerera. Chitsulo chimatsamira pa kabowo, choncho dzanja likapita kumanja nsonga imapita kumanzere, likatsika nsonga imakwera. Sikirini wamba saonetsa bwino kuya, ndipo kufewa kapena kulimba kwa chiwalo kumafika ku zala kutazilala. Thumbo amaligwira ndi milomo yonse ya chopanira chopanda mano, chifukwa nsonga yokha imatsina pamalo amodzi, ndipo malo otsinidwawo angathe kudzaboola patapita masiku, wodwala ali kale kunyumba. Lamulo lake lalikulu n'lakuti chitsulo chimene sichikuoneka pa sikirini asachisunthe. Kamera ikayandikira pomwe akudula, chopanira chake chimatsala kunja kwa chithunzi, ndipo iye ayenera kuima momwemo, phewa likuwawa, mphindi zambirimbiri, osawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu. Wodziwa bwino amawerenga maganizo a dokotala, n'kusintha kakokedwe asanauzidwe. Fiyeta ya anthu otere imakhala ya zii, ndipo opaleshoni imaoneka yosavuta. Zimenezi zimaphunzirika asanafike pa munthu: pamangofunika katoni, kamera ya foni, zopanira ziwiri zakale ndi nyemba zosamutsa kuchoka m'kachitini kupita mu kena.

Chimene chimalepheretsa laparoscopy m'zipatala zambiri za m'maboma ndi mtolo umene umabwera ndi mpweya uja: masilinda a carbon dioxide oyenera kudzazitsa kutali, makina opopera, zotsekera timabowo zosadontha, ndi kugonetsa kwathunthu. Nanga khoma la mimba likananyamulidwa ndi chitsulo? Madokotala a m'midzi ya ku India, motsogozedwa ndi Jesudian Gnanaraj, akhala akuchita zimenezo kwa zaka. Pa mchombo amalowetsa mkombero wachitsulo umene umagona kunsi kwa khoma la mimba, mkono womangirira ku tebulo n'kuukokera m'mwamba. Akatswiri a University of Leeds anagwirizana nawo kupanga chida chotere chotchedwa RAIS, ndipo Duke University ndi Makerere University ya ku Uganda anapanga china chotchedwa KeyLoop. Popanda mpweya, opaleshoni zambiri zimatheka ndi jakisoni wa pamsana, womwe uja ogonetsa athu amabaya tsiku ndi tsiku pa siza. Palibe choti chidonthe, choncho zitsulo wamba zazitali zimatha kulowa, ndipo kupopa magazi sikuphwetsa mimba.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena. Mpata wake ndi wosongoka pakati, wopanikizika m'mbali, sufanana ndi wa mpweya umene umakankha paliponse mofanana. Kwa munthu wonenepa kwambiri imavuta, ndipo imayenda bwino kumunsi kwa mimba kuposa kumtunda. Komatu kumunsi n'komwe kuli ambiri mwa mavuto amene amafikitsa anthu a ku Chinakanaka pa tebulo: mimba yokhala m'kachubu, chotupa cha pa thumba la mazira, apendikisi, ndi kupweteka kosadziwika gwero kumene lero kumafuna kutsegula mimba yonse kuti angoona. Ndipo kunyamula khoma la mimba kuti matumbo atsalire pansi ndi chinthu chomwe chija wothandiza pa minilaparotomy amachita ndi tizitsulo take tiwiri.

Anthu oti aphunzire alipo. Kuyambira pa pulojekiti ya COST-Africa, College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inaonetsa kuti makiliniko ofesa akaphunzitsidwa bwino ndi kuyenderedwa ndi akatswiri amachita opaleshoni zambiri bwinobwino m'maboma momwemo. Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo, a bungwe la zipatala za mishoni la CHAM ndi a sukuluyi ndi lakuti asankhe zipatala zingapo za m'maboma, aikemo chonyamulira mimba, kamera ndi katoni yophunzirira, akatswiri a ku Queen Elizabeth Central Hospital aziyendera, ndipo zotsatira zake zilembedwe moona. Pophunzitsapo asatenge wodula yekha. Atengenso wogwira, namwino wa ku fiyeta ndi wogonetsa, ndipo Mulanje ikhale m'gulu loyamba.